Zimene Khadi la Malume Silidanene

Malume anga amakhala ku Lobengula, mumzinda wa Bulawayo, m'nyumba imene agogo adasiya. Agogowo adachokera ku Nyasaland kudzagwira ntchito ya njanji. Ngakhale dzuwa la mwezi wa Okutobala liswe mtengo, malume savula malaya a mikono yaitali. Dzanja lawo lamanzere lidapsa kuyambira paphewa mpaka pachigongono, ndipo khungu lidakokana kotero kuti dzanjalo siliwongoka.

Adapsa m'chaka cha 1999 ku Democratic Republic of Congo, komwe asilikali a dziko lino adatumizidwa mu 1998 n'kubwerako mu 2002. Mgolo wa petulo udayaka usiku pamsasa. Wachipatala amene adawathandiza adapulumutsa moyo wawo, koma pakhadi adangolemba liwu limodzi la Chingerezi lotanthauza kupsa, basi.

Patapita zaka, dzanja litayamba kuwalepheretsa ntchito, adandipempha kuti ndiwaperekeze kukapempha chithandizo ku ofesi ina. Mlembi wa kumeneko adafunsa mafunso atatu: mudapsa pati, mudapsa motani, nanga motowo udabwera bwanji? Khadi lija silidayankhe ngakhale limodzi. Tikubwerera, malume adati: "Mphwanga, chipsera chili pathupi panga, koma iwo akufuna chipsera cha papepala." Ndidakwiya tsiku limenelo. Pambuyo pake, chifukwa cha ntchito yanga yofalitsa nkhani za umoyo, ndidamvetsa kuti mafunsowo sadali achipongwe.

Zipatala za pa dziko lonse zimalemba matenda ndi manambala, motsatira ndondomeko ya bungwe la WHO yotchedwa ICD. Ndondomeko yachikhumi, ICD-10, idavomerezedwa mu 1990, ndipo yatsopano, ICD-11, idayamba kugwira ntchito mu Januwale 2022. Mu ICD-10 mabala a moto ali pakati pa T20 ndi T32. Nambala yoyamba imanena malo: T20 ndi mutu ndi khosi, T22 ndi phewa ndi mkono, T24 ndi mwendo. Kanambala kotsatira kamanena kuya kwa bala, kotero T22.3 ndi mkono umene khungu lake lonse lanyeka. T31 imanena kukula kwa malo opsawo. Palinso nambala ya chimene chidachititsa: X04 ndi kuyaka kwa zinthu ngati petulo ndi palafini, pamene Y36.3 ndi moto wa pankhondo. Kwa msilikali, nambala yomalizayi ndi umboni wosonyeza kuti adavulala ali pantchito.

Kulondola kwa zolemba zotere si nkhani yaing'ono. M'chaka cha 1997, komiti yotsogoleredwa ndi woweruza Godfrey Chidyausiku idafufuza thumba lolipira anthu ovulala pankhondo ya ufulu, zitamveka kuti ena adalembedwa zilema zokokomeza kuti alandire ndalama zambiri. Pepala likanama, ndalama zimapita kwa wosayenera. Pepala likakhala chete, woyenera amabwerera chimanjamanja.

Moto susankha msilikali. Bungwe la WHO likuti anthu pafupifupi 180,000 amamwalira chaka chilichonse chifukwa cha kupsa, ndipo ambiri mwa iwo ndi a m'maiko osauka. Kuno ku Lobengula, Njube ndi Magwegwe, miyezi ya Juni ndi Julaye ndi ya mbaula, makandulo ndi masitovu a palafini. Kumudzi, moto wa lupsa umavulaza alimi pokonza minda. Ambiri amathamangira ku Mpilo, koma woyamba kuona bala amakhala inu, alangizi ndi anthu oyandikana nawo.

Choyamba, thirani madzi ozizira, oyera, kwa mphindi 20. Musaike ayezi, dzira, mafuta ophikira, mankhwala otsukira mano kapena ndowe. Vulani mphete ndi wotchi thupi lisanatupe, koma nsalu imene yamatirira pabala musaikoke. Matuza musawaboole. Phimbani ndi nsalu yoyera ndipo wodwalayo mumufunditse. Bala la kumaso, m'manja, kumaliseche kapena pamfundo, ngakhale lioneke laling'ono, n'lofunika chipatala. Mabala a pamfundo ndiwo amakoka khungu ngati la malume, makamaka ngati wodwala sachita masewera owongola chiwalocho pochira.

Chachiwiri, lembani. Chikhatho cha wodwalayo pamodzi ndi zala ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 100 a khungu lake. Kwa munthu wamkulu, mkono wonse ndi magawo 9, mwendo ndi 18. Lembani nthawi imene wapsa, chifukwa madokotala amawerengera madzi a diripi kuchokera pa ola limenelo. Lembaninso chimene chamuotcha ndi ntchito imene amagwira. Potuluka m'chipatala, pemphani mwaulemu kuti zonsezi zioneke pakhadi, ndipo mulijambule ndi foni musanalisunge.

Malume adapeza anzawo awiri a pamsasa paja amene adalumbira ngati mboni, ndipo dokotala wina adayeza dzanjalo n'kulemba zonse mwatsatanetsatane. Zidatenga miyezi yambiri ndi ndalama za minibasi zosawerengeka kuti tipeze mizere itatu imene ikadalembedwa m'mphindi imodzi usiku uja. Khadi latsopanolo amalisunga m'pulasitiki, m'sutikesi ya agogo, pamodzi ndi lakale lija.