Kugula Odi ku Bo-Kaap

Kwathu kuno munthu salipira kuti amuonetse podyera. Mlendo akafika pa Zomba nafunsa kumene angapeze kanyenya wabwino, aliyense, ngakhale mwana wa sukulu, amulozera ndi chala, mwinanso kumuperekeza mpaka pa chiwaya penipenipo, ndipo malipiro ake ndi zikomo basi. Koma m'mizinda ikuluikulu ya maiko ena muli ntchito imene ife sitinaipezere dzina. Munthu amasonkhanitsa alendo asanu kapena khumi, nayenda nawo wapansi m'dera limodzi la mzinda kwa maola awiri kapena atatu, kuwalowetsa m'sitolo umu, kuwaimika pa khomo apo, kuwalawitsa ichi ndi icho, uku akuwafotokozera mbiri ya malowo. Dzina umalembetsa pasadakhale, ndipo ndalama umapereka usanalawe kanthu. Tsono funso limene ndifuna tilingalire ndi ili: kodi munthu wa nzeru zake, amene ali ndi miyendo ndi pakamwa, n'koyenera kutaya ndalama pa ulendo wotere?

Ine funsoli linandigwera ku Cape Town, kumene ndinakakhala tchuthi kwa achimwene anga amene amagwira ntchito kumeneko. Kumtunda kwa mzindawu, m'mphepete mwa phiri la Signal Hill, kuli dera lotchedwa Bo-Kaap. Misewu yake ndi yokwera ndiponso ina ndi yoyalidwa miyala, nyumba zake ndi zogundizana, zopakidwa utoto wobiriwira, wachikasu, wofiira ndi wina wotero, ndipo eni ake ambiri ndi Asilamu. Zakudya za kumeneko zimatchuka m'dziko lonse la South Africa. Pali anthu angapo amene amayendetsa alendo m'derali kukalawa zakudyazo, ndipo mtengo umene mmodzi wa iwo ananditchulira unali wofanana ndi ndalama zimene alamu anga amagulira ndiwo za mlungu wathunthu. Ndalama yotero ndinali nayo, koma inali yomwe ndinasungira nsapato.

Achimwene atamva anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Iwe," anatero, "ukufuna kulipira munthu kuti akuuze kuti samusa ndi samusa? Pita wekha, msewu ndi wa boma. Gula chilichonse chimene maso ako akonda, ndipo ndalama zotsalazo ugule nsapato zako." Kunena zoona mawu awo anali ndi mutu. Mukawerengetsera bwino zimene alendo amalawa pa ulendo wotere, samusa mmodzi apa, kachitumbuwa apo, kapu ya tiyi ndi mbale imodzi kumapeto, mupeza kuti mtengo wa chakudyacho pachokha ndi kagawo kochepa ka zimene mwapereka. Amene akufuna kukhuta asalembetse konse. Ndalama yomweyo ingamudyetse masiku angapo m'misewu yomweyo.

Alamu anga sanaseke. Iwo amaphika m'nyumba ya anthu ena mumzindamo, ndipo za mphika amazidziwa. "Alamu," anandiuza, "chakudya chili ndi eni ake. Chambo chimene mumagula pa msika wa Limbe ndi chimene amakupatsani mayi wa ku Mangochi pa khonde lake ndi nsomba imodzimodzi, koma simungati mwadya zofanana." Sanandiuze kuti ndilembetse kapena ndileke. Anangoti ndiyambe ndapita ndekha, ndikaone zimene munthu amapeza ulere, kenaka ndidzadziwa ngati chotsalacho chili choyenera kugula.

Ndinapita Lamulungu m'mawa, pakuti ndilo tsiku la koesister. Ichi ndi chakudya chonga mandasi athu koma chofewa kwambiri, ndipo mu ufa wake amaikamo sinamoni, jinja, kadamomu ndi makoko ouma a nachesi. Akachikazinga amachiviika m'madzi a shuga otentha nachigubuduza mu kokonati wopala. Ndinagula zitatu, ndinadya chiimire, ndipo sindikukokomeza ndikati mandasi a kwathu ndinawaiwala kwa kanthawi. Ndinayenda mu Wale Street ndi Dorp Street, ndinaona kunja kwa mzikiti wa Auwal, ndinakwera mpaka pamene mzinda wonse ndi doko zimaonekera pansi. Zonsezi sindinalipire kanthu koma koesister zitatu zija. Pobwerera ndinali wokhuta koma wosadziwa chilichonse. Zitseko zinali zotseka, fungo la mphika linkatulukira m'mazenera, ndipo ine ndinali ngati munthu wodutsa pa mudzi wa eni madzulo, amene amamva mitondo ikulira koma alibe khomo loti angaodirepo.

Mlungu umenewo ndinawerenga zimene ndinatha kupeza, ndipo ndinaona kuti m'mbale za ku Bo-Kaap muli mbiri yowawa. Kuyambira pamene kampani ya Adatchi inakhazikika pa Cape mu 1652 kufikira 1808, akapolo oposa 60,000 anatsitsidwa pa dokolo kuchokera ku zilumba za Indonesia, ku India, ku Madagascar ndi ku gombe la kum'mawa kwa Africa. Ambiri a amayi mwa iwo anaikidwa m'makhitchini a azungu, ndipo m'menemo ndimo zokometsera za kum'mawa zinakumana ndi nkhosa, mbatatesi ndi tomato. Bobotie, nyama yogaya yophikidwa ndi chikasu nifundidwa mazira ndi mkaka pamwamba, ndi wa mbiri yomweyi, chimodzimodzinso bredie, nyama yophika pang'onopang'ono pamodzi ndi masamba kapena tomato. Mzikiti wa Auwal uja unakhazikitsidwa mu 1794 ndipo ndiwo woyamba m'dziko la South Africa. Mphunzitsi wake woyamba, Tuan Guru wa ku chilumba cha Tidore, anali atakhala m'ndende pa Robben Island, kumene analemba Korani kuchokera pamtima. Ukapolo utathetsedwa mu 1834, ndipo akapolo atamasulidwa kwenikweni mu 1838, ambiri anadzakhala m'misewu imeneyi.

Chimene chinandikhudza koposa ndi cha chaka chomwecho cha 1794. Mu December, sitima ya Apwitikizi yotchedwa São José, imene inanyamuka pa chilumba cha Mozambique ndi akapolo oposa 500 kupita ku Brazil, inasweka pa miyala pafupi ndi Clifton. Oposa 200 anamira, ndipo opulumuka anagulitsidwa pa Cape pomwepo. Zotsala za sitimayo zinalengezedwa kuti zapezeka mu 2015. Ife a ku Malawi tikudziwa kuti njira za minyanga ndi akapolo zopita ku gombe limenelo zinkachokera kumtunda kuno, kumbali za nyanja yathu. Choncho pamene anthu atchula chakudya cha ku Bo-Kaap kuti ndi cha Amalay, dzinalo limabisa anthu ambiri, ndipo ena mwa obisikawo ndi anansi athu. Apa ndinayamba kuona kuti pali china chogulika pa ulendo uja choposa samusa.

Komabe panali chinthu china chondiletsa, ndipo chinali cholemera kuposa nsapato. Lamulungu lija ndinaona gulu la alendo litatsika m'basi, aliyense ndi chojambulira, likuima pa makonde a anthu popanda odi. Mayi wina wachikulire anatsegula chitseko chake, naona anthu atatu atatsamira khoma lake, natsekanso osanena kanthu. Ndinadzifunsa ngati kulembetsa ulendo sikudzakhala kulowa m'gulu lomwelo. Derali linapulumuka pamene District Six inagumulidwa. Kumeneko boma la tsankho linalamula mu 1966 kuti ndi malo a azungu okha, ndipo anthu oposa 60,000 anasamutsidwa. Bo-Kaap inasiyidwa chifukwa mu 1957 inaikidwa kuti ndi dera la Amalay. Koma chimene tsankho silinachite, ndalama ikuchita mwakachetechete. Kukongola kwa malowo kwakweza mitengo ya nyumba, msonkho wa malo wakwera nawo, ndipo mabanja ena akale agulitsa nachoka. Mu 2018 anthu a m'derali anachita zionetsero, ndipo m'mwezi wa Ramadan anayala chakudya chomasulira m'kati mwa Wale Street kuonetsa kuti msewuwo uli ndi eni. Mu 2019 malo 19 a m'derali analembedwa kuti ndi chuma cha fuko choyenera kutetezedwa. Mlendo aliyense wobwera ndi chikwama amawonjezera kena kake pa nkhani imeneyi, afune asafune.

Nditasinkhasinkha ndinaona kuti funso langa linali litasintha. Sindinalinso kufunsa ngati ulendowo uli wodula, koma kuti ndalamayo ikupita kwa yani ndipo ikunditsegulira khomo la yani. Pakuti safunsa anadya phula, ndinakonza mafunso atatu oti ndifunse aliyense woyendetsa alendo. Loyamba, kodi wotitsogolerayo anabadwira m'derali kapena amangobwera m'mawa ndi kuchoka madzulo? Lachiwiri, kodi tidzakhala angati, popeza anthu makumi awiri sangalowe m'khitchini la munthu, ndipo ulendo wa chigulu umathera pa msewu? Lachitatu, kodi ophika chakudyacho amalandira chiyani, ndipo akudziwa kuti tikubwera? Mmodzi anandiyankha mozungulira, nanena zambiri za kukongola kwa zithunzi zimene ndidzajambule. Wina, mayi wa zaka ngati za mayi anga, anayankha mwachidule kuti nyumba imene tidzadyeremo ndi imene anabadwiramo, kuti satenga anthu oposa asanu ndi atatu, ndi kuti Lachisanu masana sayendetsa alendo chifukwa anthu amakhala ku mzikiti ndipo masitolo ambiri amatseka. Anawonjeza kuti m'mwezi wa Ramadan si ulemu kuyenda ukutafuna pamaso pa anthu osala. Ndinalembetsa kwa iwo.

Sindifotokoza ulendo wonse, pakuti zambiri zinali zomwe ndinaziona kale ndekha, ndipo zaka ndi maina amene anatchula ndinali nditawerenga. Tinalowa m'sitolo ya zokometsera ya Atlas, imene yakhala ikugulitsa kuyambira 1946, ndipo anatinunkhiritsa chimodzichimodzi natiuza chimene chimalowa mu mphika uti. Tinalawa dhaltjie, tizitumbuwa ta ufa wa nsawawa ta tsabola. Mfuti yaikulu ya pa Signal Hill italira 12 koloko, alendo tonse tinadzidzimuka, koma mwana amene ankasewera pa msewu sanatembenuke n'komwe. Chimene sindikanachipeza ndekha ndi ichi: paliponse pamene tinaima, mayiwo ankayamba apereka moni, natchula dzina la mwini khomo, nafunsa za odwala, kenaka n'kutilozera ife kuti awa ndi alendo anga. Nkhope zimene Lamulungu lija zinali zotseka ngati zitseko zinamasuka. Kumapeto tinakhala m'khitchini mwao, natiphunzitsa kupinda samusa, ndipo wanga atatuluka wopindika ngati khutu la mbuzi anandimenya kadzanja monga achitira azakhali. Nditawauza kumene ndichokera, anati agogo awo ankanena za anthu otchedwa Masbieker, ochokera ku Mozambique, amene anasakanikirana ndi mabanja a pa Cape. Anandiwonjezera msuzi osafunsa.

Tsono yankho langa kwa inu amene tsiku lina mudzaima pamene ndinaima ndi lotere. Ngati njala yanu ndi ya m'mimba, mverani achimwene anga, yendani nokha, perekani moni, gulani, ndipo musaime pa khonde la munthu popanda kupempha. Ngati muli ndi mnzanu wa m'deralo, musalipire munthu wina, pakuti khomo muli nalo kale. Ngati wotsogolera sangayankhe mafunso atatu aja molunjika, sungani ndalama yanu, chifukwa adzakugulitsani zimene msewu umapereka ulere. Koma ngati ndinu mlendo weniweni, wa masiku owerengeka, wopanda wokudziwani, ndipo mwapeza mwana wa pamalopo amene dzina lake limatsegula zitseko, lipirani kamodzi ndipo musadandaule. Ulendo wachiwiri simufunanso wotsogolera, popeza mukudziwa kale khomo logogoda ndi dzina loitana.

Chimodzi chokha chimandivutabe mumtima. Kwathu odi sagula, ndipo mlendo amapatsidwa madzi ndi mpando asananene za ndalama. Kuti ulemu wotere ufike poikidwa mtengo ndi chizindikiro chakuti alendo achuluka kuposa eni mudzi. Koma pamene zinthu zafika potero, n'kwabwino kuti ndalamayo igwere m'manja mwa amene akulimbana ndi msonkho kuti asachoke pa nyumba ya makolo ake, kusiyana ndi kuti igwere kwa mwini basi amene sadziwa dzina la munthu ndi mmodzi yemwe mu msewuwo. Amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ine ndinakamuka patapita milungu itatu, nsapato zakale zili kuphazi. Mayi aja akadali m'khitchini mwao, ndipo ndikufuna kuti ana awo adzakhalemonso.