Kuwongola Msana wa Mwana

Akuluakulu anati kuwongola mtengo m'poyamba. Mawuwa ndi oona, komatu munthu amene anamangirirapo kamtengo kanthete ku chikhomo amadziwa kuti chingwe chikathina, kamtengoko kamawongoka ndithu koma kamapinimbira. Vuto lomweli lakhala likuzunguza mitu madokotala osamalira ana aang'ono amene msana wawo umakhotera kumbali, matenda amene m'zipatala amatchedwa scoliosis.

Mwana wa zaka zinayi kapena zisanu akakhota msana, chodetsa nkhawa si maonekedwe okha, ngakhale kuti anzake opanda mwambo amayambira pomwepo kumunyogodola. Msana ukamakhota umapotokanso, n'kukoka nthiti, ndipo chifuwa chimachepa. Mapapo a munthu amakula kwambiri kufikira zaka pafupifupi 8. Tsono akasowa malo pa nyengo imeneyi, mwanayo angathe kukhala wabefu moyo wake wonse.

M'zaka za m'ma 1950, Dr Paul Harrington wa ku Houston, m'dziko la America, anapanga ndodo yachitsulo yokoletsa ku mafupa a msana, makamaka pofuna kuthandiza ana opuwala ndi poliyo. Posakhalitsa njirayi inayamba kuyendera limodzi ndi kulumikiza mafupawo kuti akhale fupa limodzi. Kwa wotha msinkhu zinali bwino. Kwa mwana wamng'ono, kumeneko kunali kuthinitsa chingwe kuja: miyendo inkakula, koma thunthu ayi.

Pambuyo pake kunabwera ndodo zotheka kuzitalikitsa, koma kuti zitalike dokotala ankayenera kutsegulanso bala pa miyezi isanu ndi umodzi iliyonse. Owerenga awonkhetse okha. Mwana woikidwa ndodo ali ndi zaka 5, pofika zaka 11 amakhala atagonekedwa ndi mankhwala, n'kung'ambidwa pachipsera chomwe chija, pafupifupi ka 12. Ulendo uliwonse ankagona ndi njala, ankajomba kusukulu, ndipo mayi ake ankakhala pakhonde la chipatala mtima uli m'mwamba, kuopa kuti balalo lichita mafinya. Ana otere ambiri ankanjenjemera akangoona munthu wovala zoyera.

Ndodo ya maginito inabwera kudzachepetsa mazunzo amenewa. Imapangidwa ndi chitsulo cha titanium, ndipo m'kati mwake muli kamaginito kolumikizidwa ku kachitsulo kamazinga. Ikaikidwa, mwana amangobwera kuchipatala pakapita miyezi ingapo. Amagona chafufumimba ali maso, dokotala n'kusanjika pamsana pake kachipangizo kokhala ndi maginito akuluakulu. Maginito akunjawa akamazungulira, kam'kati kaja kamazunguliranso, ndipo ndodo imatalika mamilimita ochepa, khungu losabooledwa n'komwe. Zonsezi zimatha m'mphindi zowerengeka, mwana n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo. Mu 2012 Pulofesa Kenneth Cheung ndi anzake a pa yunivesite ya Hong Kong analemba m'magazini ya The Lancet za ana oyamba amene anawathandiza motere, ndipo mu 2014 ndodoyi inavomerezedwa ku America.

Koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ndodo zina zinkaleka kutalika nthawi isanakwane, zina zinkathyoka, ndipo pozichotsa madokotala ankapeza minofu yozungulira itada ndi fumbi lachitsulo. Mu 2020 bungwe la MHRA, loyang'anira mankhwala ndi zipangizo zachipatala ku Britain, linaimitsa kuika ndodozi, ndipo panapita zaka zingapo lisanalolenso mtundu wokonzedwa bwino. Bungwelo linachita mwanzeru, ngakhale kuti makolo a ana amene anali kale ndi ndodo pamsana anasowa tulo.

Ndodoyi siichiza matendawa. Imangogwiriziza msana kuti chifuwa chipeze mpata wokula. Mwana akatha msinkhu, kawirikawiri imachotsedwa, ndipo mafupa amalumikizidwa monga ankachitira kale, koma tsopano mapapo atakhwima.