Sindijambula Umphawi, Ndimajambula Munthu

Ntchito yanga ndi ya penti ndi burashi. Anthu amene ndimawajambula ndi aja timangowadutsa: amayi oswa miyala m'mbali mwa msewu, anyamata a kabaza, agogo okunkha chimanga m'minda ya eni.

Choyamba ndi kupempha. "Mayi, mungalole ndikhale nawo pano ndikujambuleni?" Akakana, ndimatsanzika bwinobwino. Akalola, ndimalemba ndi khala papepala iwo akupitiriza ntchito, chifukwa munthu akaima chilili kudikira wojambula, thupi lake limanama.

Pansalu ndi pamene pali ntchito. Khungu la munthu wakuda sililembedwa ndi penti wakuda. Ndimayala kaye mtundu wa katondo, pamwamba pake wofiirira, kenako kabuluu pang'ono pachipumi pomwe thukuta latenga kuwala kwa thambo. Fumbi la mwala limabwera pomaliza, ndi burashi youma, penti wapansi atagwira. Manja ndiwo amandichedwetsa: chala chomangidwa kansanza, chikhadabo chakuda chifukwa cha hamala yomwe inaphonya, mitsempha yotupa padzanja. Manja akalakwika, chithunzi chonse chafa.

Njirayi ena anaidutsa kale. Mu 1849, Gustave Courbet wa ku France anajambula bambo wachikulire ndi mnyamata akuswa miyala, pansalu yaikulu yonga ija ankasungira mafumu ndi ngwazi zankhondo, ndipo ambiri ku Paris anaipidwa ndi chithunzicho. Ilya Repin wa ku Russia anakakhala kumtsinje wa Volga pakati pa amuna okoka ngalawa ndi zingwe, ndipo mu 1873 anamaliza chithunzi cha amuna 11, aliyense ndi nkhope yakeyake. Gerard Sekoto anajambula misewu ya Sophiatown ku Johannesburg boma latsankho lisanayambe kusamutsa anthu kumeneko mu 1955. Nyumba zija zinagumulidwa, koma pansalu zake anthu akadali pakhomo.

Ogula ena amafuna misozi ndi nsanza. Amati, "Onjezerani chisoni pang'ono." Ndimakana. Ngati mayi anavala chitenje chatsopano tsiku limenelo, ndimachilemba chatsopano, maluwa ake onse. Ngati anaseka, aseke. Kuonjezera chisoni n'kumubera ulemu, kubisa chala chovulala n'kumubera thukuta lake.

N'chifukwa chake chithunzi chisanapite kwa wogula, woyamba kuchiona ndi wojambulidwayo, ndipo chikagulidwa gawo lake la ndalama limamupeza. Akati, "Ameneyu si ine," chimabwerera pathabwa, ndiyambirenso.