Ulendo wa ku Thumbi ndi cholembera changa chofiira

Ndakhala chete kwa nthawi ndithu, koma lero ndili ndi nkhani yoti ndikuuzeni.

Ndaphunzitsa bayoloje kwa zaka 17, koma mpaka mu Ogasiti 2024 ndinali ndisanakwerepo boti. Ndinakulira kumapiri ku Dedza, ndipo madzi omwe ndinkawadziwa ndi a padambo basi. Komabe chaka ndi chaka ndinkaima kutsogolo kwa ana n'kumawafotokozera za Lake Malawi National Park: kuti inakhazikitsidwa mu 1980 pofuna kuteteza nsomba, kuti mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse, ndi kuti kuli tinsomba totchedwa mbuna. Zonsezi ndinkangozitapa m'buku.

Tchuthi chitafika ndinati ayi, ndikaone ndekha. Ndinatsika Khwekhwerere pa minibasi, kudutsa pa Golomoti mpaka ku Monkey Bay, kenako njinga yamoto inandifikitsa m'mudzi wa Chembe ku Cape Maclear. Mudziwu wazunguliridwa ndi paki: kumbuyo mapiri otetezedwa, kutsogolo zilumba zotetezedwa.

M'mawa mwake ndinagwirizana ndi bambo wina wa boti lamatabwa kuti andiperekeze ku chilumba cha Thumbi. Inali nyengo ya mwera. Titangochoka pagombe, boti linayamba kukwera ndi kutsika, ine n'kugwira thabwa ndi manja onse awiri ngakhale ndinali nditavala jekete yoyandamitsa. Bamboyo anangoseka n'kunena kuti, "Aphunzitsi, khazikani mtima pansi, lero nyanja yagona." Ndinadzifunsa kuti nanga ikadzuka zimakhala bwanji?

Titafika pamiyala ya pachilumbapo anandibwereka galasi loonera pansi pa madzi. Ndinalowa mpaka m'chiuno, n'kuviika nkhope. Abale, mbuna zija zinali pompo! Zabuluu, zachikasu, zamizeremizere, zikudya ndere pamiyala osandiopa n'komwe. Bamboyo anandilozera ina yomwe kukhosi kwake kunali kotupa n'kundiuza kuti ndi yaikazi, yasunga mazira m'kamwa. Anawonjezera kuti mbuna sizikonda kuwoloka madzi akuya opanda miyala, n'chifukwa chake za pachilumba china zimasiyana ndi za pachilumba china. Mfundo imeneyi ine ndimaiphunzitsa kwa mapiriyodi awiri. Iye anaimaliza m'mawu ochepa, uku akukapa madzi m'boti. Kenako anaimba likhweru n'kuponya kansomba pamadzi, ndipo nkhwazi inatsika mumtengo n'kukanyamula ife tikuona.

Pobwerera, tikuyandikira mudzi, ndinaona ana anayi akukoka neti yoteteza ku udzudzu m'madzi osaya. Neti yotere maso ake ndi aang'ono kwambiri moti imakokolola ndi tiana ta nsomba tomwe. Uphunzitsi unandikwera. Ndinati, "Mwaona bambo? Umbuli ndi umene ukutha nsomba m'nyanja muno."

Anachepetsa injini n'kundiyang'ana. "Aphunzitsi, palibe mwana pamenepo amene sakudziwa kuti netiyo ndi yoletsedwa. Afunseninso za mamita 100 ochokera kugombe la paki omwe saloledwa kuphamo nsomba, akuyankhani bwinobwino. Koma madzulo ano nsima adyera chiyani? Munda tilibe wokwanira, mapiri mukuwaonawo ndi a paki. Boti ndi injini zopitira kutali kukapha usipa ndi za anthu a ndalama." Anati iyenso anali msodzi, ndipo anasiya chifukwa kunyamula alendo kumamupatsa kangachepe. Mbuna zikatha, alendo sabweranso, choncho amazisamala kuposa ine. Koma si aliyense m'mudzimo angakhale ndi boti la alendo.

Ndinasowa choyankha, chifukwa ndinakumbukira mayeso ena a Fomu 3. Ndinafunsa zifukwa zitatu zomwe nsomba zikucheperachepera m'nyanja. Mtsikana wina wochokera kunyanja analemba maukonde a maso aang'ono, kuchuluka kwa asodzi, ndipo chachitatu analemba umphawi. Pepala langa la mayankho linkafuna kusadziwa kwa asodzi. Ndinamuthetha ndi cholembera chofiira. Anabwera kudzadandaula mwaulemu, ine ndinamubweza ndi mawu oti aziwerenga manotsi. Malikisi amodzi okha, koma ndinamuphunzitsa kuti zomwe waona ndi maso ake kwawo n'zopanda ntchito m'kalasi mwanga.

Sindikunena kuti neti ya udzudzu ndi yabwino m'nyanja, ayi. Tikapha tiana ta nsomba lero, mawa mphika ukhala wopanda kanthu, ndipo oyamba kuvutika adzakhala ana omwewo. Koma munthu wodziwa kale sumuchiza pomuphunzitsanso. Mankhwala a umbuli ndi ena, a njala ndi enanso, ndipo ine kwa zaka zambiri ndakhala ndikupereka olakwika.

Sukulu itatsegulidwa ndinakonza pepala la mayankho lija. Tsopano tikafika pamutuwu ndimayamba ndafunsa ngati muli ana a kunyanja m'kalasimo, ndipo iwo ndi amene amayamba kulankhula. Mtsikana uja anamaliza sukulu kalekale. Ndikadzakumana naye, ndili naye ngongole ya malikisi amodzi ndi pepani.