Anzanga a m'foni anandiyendetsa mu Lilongwe

Lachinayi usiku ndinagona ndi ndalama za anthu kunsi kwa pilo. Zinali K420,000, zina zochokera ku soya wa m'munda wa sukulu, zina zosonkha makolo. Ntchito yake inali yogula yunifolomu ndi mipira ya timu ya sukulu yathu, imene kwa zaka zitatu yakhala ikusewera ndi malaya obwereka. Poti zamasewero ndimayang'anira ndine, ahedi anangoti, "Aphunzitsi, ku Lilongwe mupita ndinu."

Kunena zoona, Lilongwe sindinkamudziwa. Ndimaphunzitsa kumudzi m'boma la Ntchisi, ndipo maulendo anga onse a mumzindawu ankathera pa depoti. Tulo titakana, ndinatuluka panja kukaima pafupi ndi chulu pamene netiweki imagwira, n'kulemba pagulu lathu la WhatsApp kuti: "Abale, mawa ndili m'tauni ndi ndalama za ana. Ndiyambire pati?"

Gululi linayamba mu Januwale 2022, Flames ili ku Cameroon. Usiku umene Gabadinho Mhango anagoletsa Morocco chigoli chochokera kutali chija, mnzanga wina wa ku koleji anandilowetsamo kuti tizikuwira limodzi. Masewerowo tinagonja 2-1, koma gulu silinathe. Lero tilimo anthu pafupifupi 60: a Maule, a Manoma, ma Banker, ndi ena ochepa a Civil ndi Blue Eagles amene amalankhula timu yawo ikapambana basi. Ambiri sitinaonanepo maso ndi maso. Tinayamba ndi mpira, koma pano mumadutsa zambiri: komwe kwafika mafuta, mtengo wa feteleza, nyumba ya lendi, chipepeso wina akaferedwa.

Yankho loyamba linachokera kwa munthu amene sindinkafuna kumva mawu ake. Ndi mkulu wina wa Silver Strikers amene tinakangana naye koopsa mu 2024, chaka chimene Silver inatenga ligi ya TNM n'kudula ulendo wa Bullets wotenga chikhochi kasanu motsatizana. Iwo anatiseka sabata yathunthu, ndipo ine, wa Maule chibadwire, zinandipweteka. Popeza ankakonda kunena kuti "kuno ku Area 10", ndinawalembera pagulu kuti anthu a kumayadi mpira saudziwa, amangotsata timu ya ku banki chifukwa ndalama zawakwana. Sanayankhe. Kuyambira pamenepo sitinapatsanenso moni.

Usiku umenewu analemba mwachidule: "Aphunzitsi, zandalama sitilengeza pagulu. Fufutani uthengawo. Mawa muziike mu foni musanakwere galimoto." Ndinafufuta, manyazi ali tho. M'mawa ndinaima pa Mponela n'kuika ndalama zonse mu foni, kungotsala ndi yoyendera.

Kuchoka pa Mponela msewu wa M1 umakutengera pa Lumbadzi, pa Kanengo pamene pali nkhokwe zazitali za chimanga zija, pa Area 18, mpaka kukakutula mu Old Town. Amene sanafikepo pa depoti ya Lilongwe nthawi ya m'mawa asamanene kuti phokoso amalidziwa. Oitanira akukuwa Dedza, Mchinji, Salima. Wina wakugwira chikwama, wina mkono. Njinga zamoto zikudutsa pakati pa anthu ngati nsomba m'madzi. Malangizo a pagulu anali omveka: chikwama chikhale kutsogolo, foni osaitulutsa pamsewu, ndipo ukasochera ufunse mayi wogulitsa wokhala pansi, osati mnyamata amene wadzipereka yekha kukuperekeza.

Ndinaima pakhonde la sitolo ina mumsewu wa Malangalanga monga tinapanganirana. Posakhalitsa panafika mnyamata wa kabaza atavala jezi ya buluu ya Wanderers yothothoka nambala. "Neba, ndinu aphunzitsi aja?" Ndinamuzindikira ndi mawu, chifukwa pagulu salemba, amangotumiza mauthenga a mawu. Pa foni ndinkamuyesa chimunthu chachikulu, koma anali kamnyamata kowonda, kosafika zaka 25. Anasiya njinga yake kwa mnzake n'kunditsogolera wapansi.

Tinayamba ndi masitolo a mu Area 2, kufupi ndi mzikiti waukulu. Yunifolomu yatsopano ya anthu 16 inalipo, yokongola, koma mtengo wake unandiumitsa pakamwa. Ndalama zonse zikanathera pomwepo, mpira osagula ngakhale umodzi. Mnyamatayo anaseka n'kuti, "Munthu samayamba kugula pamene wayambira kufunsa. Tiyeni kumtsinje."

Kumtsinjeko ndi kumene kuli mtima wa Old Town. Mtsinje wa Lilongwe wagawa misika iwiri, wa Tsoka ndi wa Lizulu, ndipo pakati pake anthu anamanga timilatho ta mitengo ndi matabwa. Kamlatho kalikonse kali ndi mwini wake amene amatolera ndalama kwa owoloka. Kamagwedera ukapondapo, pansi madzi akuda akuyenda, koma amayi osenza madengu a tomato amadutsapo osayang'ana n'komwe pansi. Ine ndinawoloka nditagwira mtengo wa m'mbali ndi manja awiri, ana ogulitsa majumbo akundiseka.

Mu msika wa kaunjika munali mayi wina amene mlongo wake ali pagulu lathu. Uthenga unali utamufika kale. Anatikhazika pa benchi, natulutsa thumba limene anasunga pambali: majezi 16 ofanana, ochokera ku timu ina ya ana a sukulu ya kunja, nambala zili kumsana, osang'ambika ngakhale limodzi. Vuto linali limodzi lokha. Anali a buluu wowala, mtundu weniweni wa Silver Strikers. Ndinafunsa ngati ofiira analipo. Mayiwo anandiyang'ana n'kuti, "Achimwene, mwabwera kudzagulira ana kapena mtima wanu?" Ndinalipira. Tinapezanso makabudula akuda, masokosi, ndi mabibu a atsikana a ntchemberembaye. Mayiwo anandiphunzitsa kuyang'ana m'khwapa ndi m'khosi mwa jezi, poti ndi mmene kaunjika amabisa ukalamba wake.

Ndikulipira choncho, foni inalira. Unali uthenga wochokera pa nambala yachilendo: ndalama ija mutumize pa nambala iyi, yanga ija yatsekedwa. Mtima unagunda, poti mphindi yomweyo n'kuti ndikutumizadi ndalama. Koma mauthenga otere timachenjezana pagulu pafupifupi sabata iliyonse. Ndinawaonetsa mayiwo, iwo anangopukusa mutu, ndipo ndinatumiza pa nambala imene anandiuza ndi pakamwa pawo.

Cha m'ma 12 koloko ndinakwera minibasi ya ku City Centre, kumene mlongo wina wa pagulu, mlembi mu ofesi ina, anati ndikamupeze. Msewu wa Kenyatta umadutsa m'mbali mwa nkhalango n'kuwoloka mtsinje wa Lingadzi, ndipo ukangotuluka pamenepo umakhala ngati walowa m'dziko lina. Phokoso lonse lija latsala kumbuyo. Nyumba ndi zazitali, zotalikirana, pakati pake pali kapinga ndi malo oimika magalimoto. Likulu la dziko linasamuka ku Zomba kubwera kuno mu 1975, ndipo zikuoneka kuti amene anajambula mbali imeneyi ankaganizira munthu wa galimoto. Woyenda pansi, thumba la majezi lili pamutu, dzuwa la Okutobala lili paliwombo, amaumva mtunda wake. Ndinaona Nyumba ya Malamulo, chiliza cha Kamuzu Banda, ndi Capital Hill chapatali. Nditafika pa nyumba ya Reserve Bank, eni ake a Silver, ndinaima pang'ono n'kuganiza kuti akanadziwa zimene zili m'thumba langa akanandiombera m'manja.

Mlongoyo ananditengera pa memo, pansi pa mitengo, pamene amayi amagulitsa nsima nthawi ya nkhomaliro. Pamenepo ndi pamene City Centre amaoneka kuti muli anthu: a mataye, amesenjala, madalaivala, onse akusamba m'manja pa ndowa imodzi. Titadya anatulutsa mipira iwiri yatsopano ndi pampu. Anati usiku womwe uja, ine nditagona, anthu 19 a pagulu anasonkherana. Ndinafunsa amene anayambitsa. "Madala a ku Area 10 aja," anatero. Nsima inandikhala pakhosi.

Madzulo zinthu zinasokonekera. Mafuta anali akusowa, magalimoto ali pamizere m'mafilingi siteshoni, ndipo mnyamata wa kabaza uja ananditumizira mawu kuti pa depoti mitengo yakwera kawiri, komanso kuti ndikakafika pa Mponela usiku galimoto ya ku Ntchisi sindikaipeza. Ndalama yogonera ndinalibe, kupatula ya ana imene inatsala yogulira nsapato. Ndinalemba pagulu. Anayankha ndi omwe aja: "Bwerani ku Area 10. Mukafika pa geti lakuda loyandikana ndi mtengo waukulu wa jakaranda, muimbe."

Area 10 sili kutali ndi City Centre, koma ndi malo amene mlendo amayenda akudzikayikira. Misewu ili zii, mitengo ya jakaranda yathothola maluwa ake pansi, mipanda ndi yaitali, pamwamba pake waya wamagetsi. Nyumba suiona, umangoona denga ndi kumva agalu. Palibe wogulitsa mandasi, palibe mwana wosewera pamsewu, palibe woti um'funse njira. Kumudzi kwathu munthu wosenza katundu sadutsa nyumba zitatu osafunsidwa kumene akupita. Kuno ndinayenda theka la ola, ondiona anali makamera a pa mageti. M'njira monse ndinkakonza mawu opepesera bwana amene ndinamunyoza, ndikuganiza za mipando ya sofa imene ndikaidetse ndi fumbi la ku Tsoka.

Nditaimba, kachitseko kakang'ono ka pa geti kanatseguka. Panatuluka bambo wachikulire, wa imvi, atavala yunifolomu ya ulonda, kawailesi kali m'manja. "Aphunzitsi a Maule," anatero akumwetulira, "mwafika kumayadi kuja."

Ndinasowa poyang'ana. Munthu amene ndinamunena kuti ndalama zamukwana wakhala akulondera geti limenelo zaka 11. M'katimo sakanandilowetsa, poti malamulo a panyumbapo salola alendo a antchito. Ndinakhala pa njerwa kunja mpaka 6 koloko pamene mnzawo wausiku anabwera. Kenaka anamanga thumba langa pa njinga yawo yakapalasa, ndipo tinayenda wapansi kudutsa mipanda ina yambiri mpaka ku Kauma, kuseri kwa mayadi a Area 12. Kumeneko moyo unabwerera: makala akugulitsidwa m'timapepala, chiwaya chikulira, ana akuthamangitsa mpira wa majumbo mumdima. Anandiuza kuti ambiri amene amatsegula mageti, kuphika ndi kuthirira maluwa kumayadi amagona kuno.

Nyumba yawo ndi ya zipinda ziwiri. Mayi a kunyumba anaphika nsima ya usipa ndi mpiru, ndipo ana anasamutsidwa kuti ine ndipeze mphasa. Titadya ndinayamba kupepesa, koma anandidula. "Mpira ndi wonyozana, aphunzitsi. Chimene chinandiwawa si kunyoza Silver ayi, koma kundichotsa pakati pa anthu osauka anzanga." Anati Silver anayamba kuikonda ali mnyamata, akugulitsa mtedza kunja kwa bwalo la timuyi ku Area 47. Masiku ano Loweruka amakhala pa geti, choncho mpira amaumvera pa wailesi, ndipo gulu lathu ndilo bwalo lawo. Kumeneko amakuwa, amaseka, amatsutsa oyimbira, popanda wowafunsa kuti amagwira ntchito yanji.

Ndinawauza maloto anga odzabwera ndi ana a sukulu kudzaona bwalo la Bingu ku Area 48, limene linatsegulidwa mu 2017 ndipo mumalowa anthu oposa 40,000. Nkhope yawo inasintha. Anandikumbutsa za pa 6 Julaye chaka chomwecho, pamene anthu asanu ndi atatu, ambiri mwa iwo ana, anafa pa kupanikizana polowa m'bwalolo. "Mudzabwere nawo," anatero, "koma mudzafike m'mamawa, mudzasankhe masewero osadzaza, ndipo mwana aliyense adzakhale ndi wamkulu womuyang'anira. Mukadzalemba pagulu, operekeza sadzasowa."

M'mawa anandiperekeza pokwerera minibasi asanapite ku geti lawo. Ndinabwerera ku Old Town, ndinagula nsapato mapeyala asanu ndi ndalama yotsala, ndipo dzuwa lisanalowe ndinali kwathu, malisiti onse ali m'thumba la malaya. Lolemba ndinawapereka kwa ahedi ndi a komiti ya makolo, osasowa ngakhale tambala.

Anthu ambiri amadandaula kuti magulu a pa foni amatha mayunitsi ndi nthawi, ndipo nthawi zina n'zoona. Ifenso timakangana zopanda mutu mpaka pakati pa usiku. Koma mzinda uwu unamangidwa mogawa anthu: amsika kwawo, amaofesi kwawo, amipanda kwawo. Wa kabaza wa pa Malangalanga, mlembi wa ku City Centre ndi mlonda wa ku Area 10 sakanakumana pena paliponse, ndipo ine wa ku Ntchisi sindikanawadziwa. Anatikumanitsa ndi mpira, ndipo tsiku limene ndinasowa kolowera anandipatsirana ngati mmene osewera amapatsirana mpira, mpaka ndinafika.

Timu yathu tsopano imalowa m'bwalo itavala buluu wowala. Chithunzi choyamba ndinachitumiza pagulu, ndipo a Maule anzanga mpaka lero akunditchula wogulitsa timu. Madala a ku Area 10 anangolemba kuti, "Ana awa ali ndi tsogolo." Nthawi ino ndinawayankha, ndipo ndinayamba ndi moni.