Kambalame ka pachifuwa pofiira

Anthu a ku Britain amaikonda robin, mpaka mu 2015 anaivotera kuti ndiyo mbalame ya dziko lawo, ndipo pa makadi a Khirisimasi siisowa. Koma kambalame kameneka, kolemera pafupifupi magalamu 18 okha, n'kaukali zedi pa nkhani ya malo. David Lack, amene analemba buku lonena za moyo wake mu 1943, anaika kamtolo ka nthenga zofiira m'dera la robin ina, ndipo inakajompha ngati mdani weniweni.

Ine chimene chimandigwira mtima ndi kuimba kwake. Chisanu chikalimba, mbalame zina zitakhala chete, zina zitathawira ku Africa, iyo imaimbabe, yamphongo ndi yaikazi yomwe, iliyonse pamalo pake. M'matauni imaimba ngakhale usiku pansi pa magetsi a mumsewu. Munthu akamakumba m'dimba, imatera pafupi kudikira nyongolotsi zimene fosholo yavumbulula. Komatu mbalamezi zambiri sizikwanitsa zaka ziwiri, chisanu ndi amphaka amazitha.

Abale amene muli ku UK, kukazizira muziziikirako panja madzi osaundana ndi tinyenyeswa ta tchizi.