Nyengo yothyola fodya ku Namitete

Minibasi ya ku Mchinji inanditsitsa pa Namitete cha m'ma 9 koloko, madzi a mvula ya usiku akadali m'mbali mwa msewu. Njira yonse, kudutsa pa Chitedze, Mpingu ndi Msundwe, maso anga anali pa zigafa. Mwezi wa Febuluwale uno zayamba kudzaza ndi fodya wa bale. Ndinakwera kabaza kukaona alamu anga, omwe anasamuka ku Phalombe ndi banja lonse kudzalima fodya m'munda wa eni.

Ndinawapeza ali gone pamkeka kuseri kwa chigafa. Achemwali anandiuza kuti dzulo lake analawirira kukathyola fodya wa mame, ndipo pofika masana anayamba chizungulire, mutu ndi kusanza. Achipatala amawadziwa matendawa: chikonga cha m'masamba onyowa chimalowa m'thupi kudzera pakhungu, ndipo ana chimawagwira msanga kuposa akulu. Chovuta n'chakuti zizindikiro zake zimafanana ndi za malungo, omwenso amavuta kwambiri miyezi yomweyi. Popanda kuyezetsa magazi, munthu sungadziwe chakugwetsa.

"Alamu, bwanji osapita kuchipatala?"

Sanayankhe. Anangoloza nyumba ya kapitawo, komwe kumakhala buku. M'bukumo mumalembedwa chilichonse: ndowa ya chimanga, mchere, sopo, ngakhale ndalama ya kabaza wopita naye mwana kuchipatala. Zonse zidzadulidwa fodya akadzagulitsidwa ku okushoni ku Kanengo, msika ukatsegulidwa cha mu Epulo. Matenda amabwera mvula ili mkati, ndalama imabwera mvula itatha. Pakati pamenepa ndi pomwe mabanja ngati ili amamira m'ngongole, mwina n'kubwerera kwawo chimanjamanja. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la ntchito n'kuletsa utenanti, koma pamunda umenewu ndinaona kuti buku lija silinatsekedwe.

Chikhalirecho chipatala si kuti chili kutali. St Gabriel's, chomwe masisitere a Chikarmeli ochokera ku Luxembourg anatsegula mu 1959, chili pomwepa, ndipo odwala amachilondola kuchokera mpaka ku Mchinji ndi ku Dowa. Koma ndi cha mishoni, cha m'bungwe la zipatala za mipingo la CHAM. Boma limalipira malipiro a ogwira ntchito m'zipatala zotere, koma mankhwala, magetsi ndi mafuta a ambulansi zimafuna ndalama, n'chifukwa chake wodwala amaperekapo kangachepe. Kuyambira mu 2006 boma lakhala likuchita mapangano ndi zipatala zambiri za CHAM kuti amayi oyembekezera ndi makanda azithandizidwa ulere. Mapanganowa apulumutsa miyoyo, ine sinditsutsa. Koma bambo amene mapewa ake anyamula banja lonse salowamo. Chipatala chachikulupo cha boma, chosalipiritsa, chili ku Kabudula, ndipo m'matope a dzinja mtengo wa njinga yamoto yokafika kumeneko umaposa zomwe akanalipira kumishoni.

Ine ndimati mwini munda, kapenanso kampani yomwe anasainirana nayo kontirakiti ya fodya, ndiye azilipira chithandizo cha wantchito ndi ana ake nyengo yonse yolima, osachilemba ngati ngongole. Kuwonjezera apo, magolovesi ndi chovala cha pulasitiki chotchinga mame si zinthu zoti zingagwetse bizinesi ya munthu.

Masana ndinaitanitsa njinga yamoto, tinawakweza alamu pakati, ine kumbuyo nditawagwira. Kuchipatala magazi anaonetsa kuti ndi malungo ndithu. Anawapatsa mankhwala a LA, oti amwe masiku atatu. Titabwerera dzuwa litapendeka, tinapeza achemwali ndi mwana wawo wamkulu, wa zaka 12, ali pansi pa chigafa akusoka fodya yemwe bambo ake anathyola dzulo, manja atada bii ndi utomoni.